Mapepala a Mtembo

Lachinayi lija ndinadzuka ndi ntchito zisanu ndi ziwiri m'mutu. Kutunga madzi, kuchapa matewera a Nita, kuyanika chinangwa chomwe ndinanyika Lolemba, kupatsa abakha madeya, kukhetsa madzi m'matanki a mpweya wa mabuleki, kumanga paipi ya dizilo yomwe inkadontha, ndi kudzutsa Calisto, mwamuna wanga. Yomalizayi ndiyo yolemera kuposa zonse, chifukwa paipi ukaimanga imamva.

Pomwe ana a sukulu ankadutsa kuseri kwa nyumba, zisanu zinali zitatheka. Ine ndinali chagada pansi pa Sajeni, Nita ndamukhazika m'tayala lakale pansi pa mango, akudya mbatata ndi dothi lomwe.

Sajeni ndi lole yathu. Bambo anga, omwe Lioma yense ankawatcha Mestre Tomé, kutanthauza mmisiri wamkulu, anagula malole awiri achisilikali nkhondo itatha, boma likugulitsa zotsala. Ankati wogula lole yachisilikali imodzi ndi chitsiru, poti zitsulo zake m'sitolo mulibe. Umagula awiri, ina yoyenda, ina yoti inzakeyo izidya. Yoyendayo ndiye Sajeni. Yodyedwayo tinkaitcha Mtembo. Unagona kuseri kwa khola, udzu utamera m'mimba, abakha akuikira pomwe panali injini. Bawuti ikaduka pa Sajeni sitinkalira ayi. Tinkatenga sipanala n'kupita kumanda.

Sukulu ndinalekera kalasi yachisanu ndi chimodzi, chaka chomwe mayi anamwalira. Bambo analibe mwana wamwamuna, ndipo sipanala safunsa kuti wagwira ndani. Calisto anabwera ngati wonyamula matumba, anaphunzira chiwongolero, kenako n'kukwatira mwana wa bwana. Kuyendetsa amatha, osanama ayi, ndipo hutala amaimba ngati limba la kutchalitchi. Koma mukamutuma sipanala ya 17 amabwera ndi ya 22, akumwetulira.

Bambo atatisiya chaka chatha, mng'ono wawo, bambo aang'ono a Gervasio, anatenga zawo monga mwa mwambo: jekete, wailesi, ndi kathumba ka pulasitiki momwe munali mapepala a lole. Loleyo anatisiyira kuti tiziyendetsa, poti iwo ngakhale wilibala imawagwetsa. Chimanga chawo tinkawanyamulira ulere, ndipo ine ndinkayesa kuti nkhani inathera pamenepo.

Ndili pansi pomwepo ndinamva njinga yamoto ikubwera ngati yaledzera. Inazungulira mango kawiri isanapeze poima. Kumbuyo kwake kunaima kagalimoto koyera.

"Benvinda! Tuluka m'menemo, mwana wa achimwene, udzalonjere alendo."

"Ndili pa ntchito, bambo aang'ono. Ilonjere miyendo yangayi, ndi imene ikuoneka."

"Mwamumva? Pakamwa pa bambo ake ndendende."

Ndinamanga paipi ija kaye n'kutuluka. Bambo aang'ono anali atakhala pa njinga yofiira, yatsopano, pulasitiki ikadali pa chishalo. Bondo la buluku lawo linali long'ambika ndipo galasi limodzi la njingayo linali litayang'ana kumwamba. Pambali pawo panaima a Issufo, mkulu wocheka matabwa yemwe ali ndi msasa patsinde pa phiri. Ndinkawadziwa. Ndi munthu wosafulumira, woti ngakhale nthochi amaiyang'ana mbali zonse asanasende.

"Njingayi waiona?" anatero bambo aang'ono.

"Ndaiona. Mwabwereka kwa ndani, kuti tikapepeseko za galasilo?"

"Kubwereka? Ndi yanga iyi. Ndasinthanitsa ndi lole. A Issufo abwera kudzatenga katundu wawo."

Nandolo anali atatsala masabata awiri kuti ayambe kutsika m'mapiri, ndipo kumene msewu unatha kalekale ndi Sajeni yekha amafikako. Ufa wathu, sopo, mankhwala a Nita, malata omwe tinali titangofoletsa theka la nyumba, zonse zinkatuluka m'paipi ya utsi ya lole imeneyo. Popanda Sajeni, Calisto akanabwerera ku matumba a eni, ine n'kukakhala pamsewu ndi beseni la zitumbuwa.

Calisto anatuluka akumanga lamba. Atamva nkhaniyo anagwira pakamwa.

"Koma bambo aang'ono, zimenezo si zoona ayi. Mwatipha ife." Anaima kaye, maso ali pa njinga. "Ili ndi magiya angati?"

Ndinamuponda chala.

Ndinagwada, poti kugwada n'kwaulere. Ndinawakumbutsa bambo aang'ono za chimanga chawo, za tsiku lomwe Sajeni ananyamula maliro a apongozi awo mvula ikugwa, za Nita. Iwo ankangopukuta thanki ya njinga ndi mkono wa malaya.

"Ndakuchitira chifundo, mwana iwe. Taona manja akowo. Mkazi wa mwini kumanunkha dizilo ngati jenereta? Pita ukalime ngati anzako."

"Chimanga chanu chaka chino mudzanyamula pa njingayo?"

"Thumba limodzilimodzi. Ndili ndi nthawi ine."

A Issufo anatsokomola. "Mayi, pepani, nkhani za m'banja ine sizindikhudza. Ndimangofuna ndimve injini. Kiyi ali kuti?"

Calisto anaseka mpaka kukhala pansi. Sajeni alibe kiyi. Sitata inafa ine ndisanathe msinkhu, ndipo ya Mtembo inali itadyedwa kale. N'chifukwa chake amagona pamwamba pa chulu chomwe bambo anasalaza. M'mawa umachotsa mwala kutayala, amayamba kutsika yekha, ukaponya giya yachiwiri n'kusiya kilatchi, amadzuka. Vuto n'lakuti pa nthawi imeneyo mabuleki amakhala asanadzuke, poti mpweya sunadzaze, ndiye umalunjika pakati pa chimbudzi ndi mango n'kumapemphera.

Ndisabise, maganizo anandibwerera oti ndimasule paipi ija pang'ono kuti akane kulira. Koma kunyozetsa ntchito ya manja anga pamaso pa alendo, zimenezo ndinalephera. Ndinanyamula Nita, ndinachotsa mwala, Calisto anakwera. Sajeni anatsika chulu, anatsokomola kawiri, kenako anabangula. Utsi wakuda unaphimba chinangwa changa chonse. Abakha anabalalika, bambo aang'ono anakumbatira njinga. Chitsiru cha lolecho chinalira bwino kuposa masiku onse, ngati chikufuna kukwatiwa.

"Eya," anatero a Issufo. "Injini ilipo. Tsopano mundibwereke burashi yawaya ndi mphasa."

Anatulutsa kathumba ka pulasitiki kaja, anavala magalasi, n'kugona pamphasa pafupi ndi tayala lakutsogolo. Anayamba kupala chasisi, chitsulo chachitali chija chomwe lole yonse imakhalapo. Ankafuna nambala yomwe anaidinda kufakitale. Ndipo pomwe burashi inayamba kulira pachitsulo, ndinakumbukira chinthu chomwe sindinachiganizeko kwa zaka zisanu ndi zinayi. Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke.

Anapala, anauzira, anawerenga. Anayang'ana pepala. Anapukuta magalasi n'kuwerenganso, chala chikuyenda nambala imodziimodzi. Kenako anadzuka pang'onopang'ono.

"A Gervasio, mwandigulitsa chiyani?"

"Lole. Si iyo ikulirayo?"

"Nambala puleti ndi yomweyi. Koma chasisi iyi si ya pa pepalali. Ngakhale nambala imodzi yofanana palibe."

Bambo aang'ono ananditembenukira. "Wachita chiyani iwe? Wafufuta? Mwapita nayo kwa sing'anga?"

"Sing'anga wodinda chitsulo ndikadamudziwa ndikadalemera, bambo aang'ono. Bwerani kuno, a Issufo. Burashiyo musaisiye."

Ndinawatsogolera kuseri kwa khola. Ndinathamangitsa bakha wamkazi yemwe ankafungatira, ndinapinda udzu, n'kuloza pomwe ayenera kupala. A Issufo anagwada m'zitosi osadandaula. Dzimbiri litachoka nambala inatuluka, yoyera ngati yadzulo. Anawerenga mokweza, ine ndikuyang'ana pa pepala. Zonse zinagwirizana mpaka kumapeto.

"Lole yanu ndi imeneyi, bwana," ndinatero. "Mazirawo ndi anga."

Nkhani yake inali yotere. Pa malole awiri aja, bambo analembetsa imodzi yokha, poti yodyedwa safunira mapepala. Ine ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, yolembetsayo inathyoka msana powoloka mtsinje itasenza mitengo. Makina owotcherera kuno kunalibe. Ndiye bambo anangoti tisamuke. Tinachotsa injini, giyabokisi, mutu wonse ndi mipando yake, ekiselo yakutsogolo, mawaya, mpaka nambala puleti, n'kuziika pa chasisi ya inzakeyo. Yoyenda inasanduka Mtembo, Mtembo n'kusanduka Sajeni. Pamsewu apolisi amayang'ana puleti ndi pepala, ndipo zaka zonsezi palibe anagonapo pamphasa.

"Inu munalipo, bambo aang'ono," ndinatero. "Tsiku lokweza injini tinapha tambala. Munadya chiganga ndi ntchafu zonse ziwiri."

"Tambala ndikumukumbuka," anatero mwakachetechete.

A Issufo anapinda pepala bwinobwino. "A Gervasio, kiyi wa njinga. Galasilo tikambirana."

Nkhope ya bambo aang'ono inagwa ngati tayala lobooka. Anali atadutsa kale pamsika katatu, komanso pakhomo pa mayi wina wamasiye wogulitsa mowa, yemwe dzina lake ndilisunga. Kubwerera wapansi kukanakhala imfa.

"Dikirani, achimwene, dikirani! Zonse ndi zanga izi. Tengani onse awiri! Iyi ya mapepala, iyo yoyenda. Abakhawo ngati mukuwafuna tengani."

A Issufo anayang'ana Sajeni, anayang'ana Mtembo, ndipo ndinaona kuti akuwerengera m'mutu. Kuseka konse kunandithera. Ndinali nditadzikumbira ndekha dzenje lalikulu kuposa loyamba. Calisto anali atazimitsa injini pansi pa chulu, zomwe amadziwa kuti n'zoletsedwa, ndipo anaima manja ali kumutu.

Ndinasuntha Nita kumsana n'kumanga nsalu mwamphamvu.

"A Issufo, ndifunseko. Kumsasa kwanu kuli lole ya mtundu womwewu, yobiriwira ija. Bambo anaikonza kawiri, ine ndikupatsira masipanala. Injini yake ndi yabwino kuposa ya Sajeni. Bodza?"

"Zoona."

"Imafika kutauni ku Mocuba?"

"Imathera m'tchire. Matabwa ndimachita kukwezetsa pa malole a eni."

"Chifukwa?"

"Ndinaigula kwa munthu yemwe anaigula kwa munthu. Mapepala ilibe."

"Ndiye inu simukusowa lole, bwana. Mukatenga onse awiriwa mukhala ndi malole awiri osaponda tala, ndi chitsulo chothyoka chokhala ndi mapepala. Adzakusamutsireni ndani? Amakaniko a m'tauni azolowera timagalimoto ta makompyuta. Akaona bawuti za asilikali adzakuuzani kuti mubwere mawa mpaka mudzamera imvi zina."

"Ndiye iwe ukuti bwanji, mwana wa Mestre?"

"Makina owotcherera muli nawo. Msana wa Mtembo ndiulumikiza ndi zitsulo ziwiri, mkati ndi kunja. Kenako lole yanu yonse ndiisamutsira pamenepo, monga tinachitira. Mudzayenda pa tala masana, mawindo otsegula. Koma Sajeni atsala pano, ndipo bambo aang'ono anene pamaso pa mlembi wa mudzi kuti cholowa chawo chathera pa njingayi."

"Ha!" anatero bambo aang'ono. "Mwana wa dzulodzuloyu akundigawira chuma changa?"

"Kapena mupereke kiyi," anatero a Issufo, osawayang'ana n'komwe. Anapita pomwe chasisi inathyokera, analowetsa chala m'mng'alu, anagogoda ndi mwala uku ndi uku, khutu lili pafupi. Anatenga nthawi yoti munthu n'kuphika nyemba.

"Unali ndi zaka zingati pomwe munkasamutsa?"

"Khumi ndi zitatu."

"Ndiye unkangopatsira masipanala."

"Bambo anali ndi dzanja lalikulu. Paliponse pothina pankalowa langa. Mawaya onse a Sajeni ndinalumikiza ndine, ndipo mwamumva nokha."

"Masiku angati?"

"Masabata atatu."

"Awiri."

"Atatu, pokhapokha ngati mwanayu muziyamwitsa ndinu."

Anaseka koyamba tsiku limenelo. "Chabwino. Koma mvetsa. Tikamaliza ndiisenzetsa mitengo n'kuwolotsa mtsinje womwe unaithyola. Msana ukathyokanso, ndidzabwera kudzatenga Sajeni, ndipo usadzandigwadire."

"Ndamva."

Mlembi wa mudzi anabwera masana omwewo, analemba, bambo aang'ono anadinda chala akung'ung'udza. Pochoka anagunda khola la abakha, galasi lachiwiri n'kuyang'ananso kumwamba.

Puleti inayenera kutsatira mapepala ake pa Mtembo, ndipo kuitsitsa pa Sajeni ndinachita ndekha. Ndi mabawuti anayi okha, koma yomaliza inakana, ndinachita kuidula. Calisto analira misozi yeniyeni. Ankati ku Mocuba kuli malo ena ophika nkhuku ya kokonati omwe sadzawaonanso.

"Bambo a Nita," ndinatero, "lirani mukukankha. Mwazimitsira lole pansi pa chulu, ndipo anthu oti atithandize ndi inu nomwe mukawaitane."

Loweruka tinamangirira kutsogolo kwa Mtembo pamsana pa Sajeni ndi unyolo, matayala ake akumbuyo akukwawa pansi, n'kuukokera kumsasa kudzera njira za m'minda. Anthu ankavula zipewa mwachipongwe.

Za masabata amenewo sindinena zambiri. Tinkagona m'kanyumba ka makungwa, utuchi ukulowa paliponse mpaka m'matewera. Injini tinaikweza pa mitengo itatu yomanga pamwamba, ndi unyolo wokokera. Ocheka matabwa tsiku loyamba ankabwera kudzaonerera mkazi wowotcherera, akuponya mawu.

"Mlamu, ukamaliza udzandiwotcherereko mtima, unang'aluka!"

"Bwera nawo," ndinkatero. "Koma ndimayamba n'kupala dzimbiri."

Pofika sabata yachiwiri anali atasiya nthabwala, akundigwirira zitsulo. Calisto anaphunzira kusiyanitsa 17 ndi 22, pamtengo wa chala changa, chomwe anachitsitsira giyabokisi ndisananene kuti tsitsa. Mabawuti asanu ndi atatu a lole yobiriwira anakana kulowa m'mabowo a Mtembo, poti asilikali aja nawonso ankasintha zinthu osauza munthu, ndipo kuboola chitsulo chimenecho kunatidyera masiku anayi. Uku nandolo anayamba kutsika m'mapiri pa mathirakitala a anthu ena. Ndinkawamva akudutsa kuseri kwa msasa ndili pansi pa lole ya mwini.

Tsiku loyesa, a Issufo anasenzetsa mitengo mpaka ine ndinawafunsa ngati akusamutsa nkhalango yonse. Anati pangano ndi pangano. Woyendetsa wawo anakana kukwera, ndiye anakwera Calisto. Ine ndinatsogola wapansi, n'kukaima m'madzi ofika m'mawondo pomwe pali mwala womwe unathyola lole ya bambo, kuti ndione msanawo ndi maso anga. Tayala lakutsogolo linakwera mwala, lole inapendekeka, chasisi inalira ngati chitseko chakale. Ndinayang'ana mzere womwe ndinawotcherera. Utoto unang'aluka n'kugwera m'madzi. Chitsulo sichinang'aluke. Matayala akumbuyo anakwera, anatsika, lole n'kutulukira tsidya lina, Calisto akuimba hutala mpaka mbalame zinasamuka.

A Issufo anabwera ndi mphasa yawo, anagona, anayang'ana, anagogoda.

"Pita kwanu, Mestre," anatero.

Ndinapempha chasisi yawo yakale, poti inali itangokhala. Anakana. Munthu uja si chitsiru.

Zomwe zinapita ndi izi. Masabata atatu ndi masiku anayi opanda malipiro. Maulendo asanu ndi limodzi a nandolo, omwe anadya ena. Ekiselo yakumbuyo ya Mtembo ndi masipuling'i ake onse, zomwe ndinkasungira tsiku loipa. Dizilo malita makumi anayi, kupita ndi kubwera. Zitenje ziwiri zobooka ndi moto wowotcherera. Chikhadabo cha chala chapakati, chomwe chikumera chokhota. Ndalama zokwana mameticais mazana atatu za mankhwala a chifuwa cha Nita, chifukwa cha utuchi. Chinangwa chonse cha sabata ija. Abakha atatu omwe anasowa tili kumsasa, ndipo ndikudziwa mphika womwe analowa. Bambo aang'ono sandilankhula, koma izo sindinaziike pa zotayika. Chachikulu ndi msewu: Sajeni tsopano amathera pomwe fumbi lathera, katundu timatsitsira ena pamphambano, ndipo pa matumba atatu alionse phindu la limodzi limapita ndi iwo.

Chomwe chinatsala ndi lole imodzi yomwe boma siliidziwa, ndipo palibe wachibale angaigulitse.